Reverb yodula ija dikirani kaye, inu a bezi

Anzanga oimba bezi, makamaka inu a m'matchalitchi, funso ili landipeza ku inbox kanayi mwezi uno wokha, ndiye ndati ndiyankhire pano kamodzi. Aliyense akuti: ndigule pedal iti, kabokosi koponda ndi phazi kosintha mawu a chida, kuti ndizitulutsa kulira kuja kongoti ng'uuu kosaduka, kumene amati drone, ndi mawu oyandama aja a ambient? Ndipo onse anayi afunsa ali kale ndi chithunzi cha Strymon BigSky m'foni. Imeneyi ndi reverb yodula, pedal yopatsa mawu mchira wautali ngati akulira mu holo yaikulu. Ine ndikuti ayi, imeneyo si yoyambira. Ena mukwiya, koma mundimve kaye.

Ine zimenezi sindinaziyambe chifukwa cha fasho. Mnyamata wathu wa kiyibodi anapita ku Joni, ndipo nthawi ya pemphero inasanduka ya zii. Abusa anandikokera pambali titaweruka, nkuti, "Achimwene, anthu akamapemphera musamatisiye pa mbalambanda, muzitigwirira pansipo." Vuto la bezi mukulidziwa. Ukakhudza chingwe, mawu amalira pang'ono nkufa. Ukakhudzanso, aliyense amamva kuti "du", ndipo mayi amene anatsinzina uja amatsegula diso limodzi.

Mnzanga wina wa gitala anandibwereka reverb yake. Kunyumba ku Chilomoni, mahedifoni ali kumutu, ndinangoti basi ndafika kumwamba. Lamlungu ndinapita nayo ku tchalitchi chathu: makoma a njerwa, pansi simenti, denga la malata lopanda siling'i. Nditangoponda pa E wapansi, malata anayamba kunjenjemera, tizitsulo tapansi pa ng'oma ya sineya tili tsetsetse tokha, mawu a mtsogoleri wa nyimbo nkumira. Mkulu wina wa mpingo anatuluka panja kukaona ngati jenereta yayamba kudwala. Anabwerera akupukusa mutu, magetsi anali oyaka bwinobwino.

Chimene chinachitika nchosavuta. Chingwe cha E pa bezi chimagwedezeka ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo funde la mawu amenewo limatalika kupitirira mamita 8. Amene muli ndi bezi ya zingwe zisanu, B wanu uja ali pa 31, funde lake pafupifupi mamita 11. Mafunde otalika chonchi m'chipinda cha makoma olimba amagunda uku nkubwerera, kuunjikana m'makona, ndiye holoyo ili kale ndi reverb yakeyake yaulere. Iwe ukawonjezera ina pamwamba, umangophika phala la mibulu. Makanema amene akukukopaniwo ambiri ndi a gitala, ojambulidwa mu situdiyo, mbali ziwiri kumanja ndi kumanzere, ndipo inu mukuwamvera pa foni imene sipika yake E wapansi singamutulutse nkomwe. Mukumva za pamwamba zokha. Pomwe ife ambiri waya wathu ndi umodzi, wolowa mu ampu imodzi kapena mu miksa ya mpingo.

Ndiye choyamba chimene drone imafuna ndi chinthu chogwira mawu kuti asafe. Kampani ya Electro-Harmonix ya ku New York inatulutsa Freeze mu 2010, kabokosi kakang'ono ka batani lozungulitsa limodzi ndi kaswitchi kamodzi. Umaimba noti, kuponda, ndipo notiyo imangokhala pomwepo mpaka utaimasula. Manja ako amakhala omasuka kuimba zina pamwamba pake. Ntchito ya abusa ija imatheka ndi kameneka kokha. Koma ndisakunamizeni, Freeze payokha imalira ngati firiji ya m'golosale. Siyenda, sipuma. Pakatha mphindi ziwiri khutu limatopa. Mpofunika kuika kena kake kolandira mawu ochoka mu Freeze: Freeze igwire kaye, kenako mawuwo alowe mu chorus kapena phaser, ma pedal oyendetsa mawu ngati mafunde, yoyenda pang'onopang'ono, kuti kulirako kuzichita ngati kukupuma. Mukatembenuza dongosolo, Freeze imangojambula kachidutswa kamodzi ka phaser nkukaumitsa, mwabwerera ku firiji.

Chachiwiri ndi kukhakhala. Apa mpamene anthu amasokera, amaganiza kuti kukoma kwa drone kuli pansi penipeni. Kuli pakati. Mverani babatoni ikamalira mumsewu: waya umodzi, chikopa cha ng'ombe, woimba akumenya ndi kamtengo kwinaku akutsetsereza botolo. Chimene chimakupangitsa kutembenuka uli tsidya lina la msewu si kuzama kwake kokha, ndi kusasa kuja, kulira kokhala ngati kuli ndi mchenga. Fuzz, pedal yosasitsa mawu, ukaika pang'ono imachita zomwezo pa bezi. Koma samalani, fuzz zambiri za gitala zimadya mawu apansi, bezi yako nkusanduka mavu. Funani yokhala ndi njira yosakaniza mawu enieni a bezi ndi owonongedwawo. Bass Big Muff Pi ili ndi kaswitchi kotero kolembedwa Dry. Lamulo lomweli ligwirenso pa reverb iliyonse imene mudzagule: ngati siikulolani kuchotsa mawu apansi mu mchira wake, kapena kuuchepetsa mchirawo mpaka ungomveka patali, isiyeni m'sitolo.

Tsono ngati ndalama ndi yochepa, monga ilili kwa ambiri a ife, ine voti yanga ndimaponya pa ma pedal a kampani ya Zoom. Ndikudziwa, pali anyamata amene amawaona ngati zidole. MS-70CDR ndi kabokosi kamodzi kodzaza chorus, delay (yobwereza mawu) ndi reverb, ndipo mutha kulumikiza zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi, kuphatikiza yosefa mawu. Imayenda ndi mabatire awiri a AA. B1 Four ndi ya bezi yeniyeni, ili ndi looper, yojambula zimene waimba nkumazibwereza, ya masekondi 30, imalandira mabatire anayi kapena USB, kutanthauza kuti power bank yotchajira foni ija ikwanira. Mumzinda muno, momwe magetsi amatha kuthima pakati pa korasi ndipo jenereta imabwera ndi ukali wake, zimenezi si zazing'ono. Freeze simalandira batire, imafuna adaputa basi. Choipa cha Zoom ndi tizenera take tating'ono ndi kusakasaka m'mamenyu. Konzani zonse Loweruka kunyumba, musunge. Kuwerama kutsogolo kwa mpingo ukubaya mabatani anthu akuyembekeza sikuoneka bwino.

Ndipo musanagule chilichonse, yesani ichi chaulere. Tsekani voliyumu ya pa bezi, khudzani chingwe, kenako tsegulani pang'onopang'ono ndi chala chaching'ono. "Du" uja wasowa. Mukakhala ndi delay iliyonse, ngakhale Boss DD-3 yakale ya m'ma 1986 yobwereka, kwezani kubwereza kwake, muone mawu akuyalana okha ngati mphasa. Komanso kwerani. Drone yanu iimbeni pa fret 12, chapakati pa chingwe, kapena pa zingwe za D ndi G, malata akusiyani mumtendere. Pansi penipeni muzipitako mwa apo ndi apo, pamene pemphero latentha.

Nkhani ya magetsi ndiidutsenso, chifukwa ine inandilizapo. Kuno tili pa 230V. Adaputa yobwera ndi pedal yochokera ku America nthawi zambiri ndi ya 120V, mukailowetsa pakhoma imapsa. Chachiwiri, ma pedal ambiri amatsata kachitidwe ka Boss: 9V, negative pakati pa kamutu kolowetsa. Ma adaputa a rauta ya intaneti ambiri ndi a 12V, positive pakati, koma kamutu kake kamalowa bwinobwino ngati nkake. Ine ndinaiwala yanga kunyumba tsiku la ukwati wina ku Limbe, ndinatola ya rauta mu ofesi ya pa holo. Kafungo ka pulasitiki yopserera kaja sindidzakaiwala. Delay yanga inathera pomwepo, wokonza mawailesi anaitsegula, kuiyang'ana, nkundibwezera ali chete.

Palinso kanthu kena kamene kamavutitsa ife a drone kuposa wina aliyense. Adaputa yotchipa kapena waya woipa umalowetsa kulira kwa magetsi, kumene kuno kumagwedezeka ka 50 pa sekondi. G wapansi pa bezi ali pa 49. Ziwirizi zikakumana zimakankhana, mawu nkumachita kukwera ndi kutsika kamodzi pa sekondi, wuu wuu wuu. Nyimbo zothamanga zimabisa zimenezi, koma drone ilibe pobisala. Ine ndinatha milungu ndikutchuna bezi yosalakwa. Nditayesa mabatire, zinatha.

Kugula nakonso kuno ndi juga. Zambiri timaitanitsa kwa abale a ku Joni nkukazilandira pa Wenela, kapena timatola zogwiritsidwa kale ntchito pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Wogulitsa akakana kuti muyese ndi bezi yanu ndi ampu yanu, musapereke ndalama. Ndipo ngati mnzanu ali nayo, ibwerekeni Lamlungu limodzi lokha, muimve mu holo yanu anthu atadzaza, chifukwa holo yopanda anthu ndi yodzaza zimalira mosiyana.

Sindikunyoza BigSky. Inatuluka mu 2013 ndipo mpaka lero ma situdiyo amaikonda pa zifukwa zomveka. Ngati mumajambula nyimbo za m'mafilimu kuchipinda kwanu pa kompyuta, ndipo lendi mwalipira, gulani, mudzandiitane ndidzamve nawo. Shimmer, reverb yowonjezera mawu okwera pamwamba, ya pa Boss RV-6 nayonso ndi yokoma, ngakhale pa bezi ukaichulutsa imayamba kuimba mluzu ngati ketulo.

Pansi pa phazi langa pano pali zitatu: Freeze, fuzz yakale yochoka utoto, ndi Zoom, zomata pa kathabwa kamene anandidulira kalipentala wa ku Ndirande. Sabata yatha ndinagwira D kwa mphindi pafupifupi khumi anthu akupemphera. Mkulu wa jenereta uja sanadzuke pampando. Titaweruka anandifunsa kuti, "Kodi mwana wa kiyibodi uja wabwerako liti ku Joni?"