Dzuwa likutayika pa madenga a Harare

Abale anga a ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Mabvuku, lero ndilankhulepo za magetsi, chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali.

Ine ndimasoka zovala. Magetsi akazima m'mawa, makina anga amangoti zii mpaka usiku, mayunifolomu a ana a eni ake ali mulu patebulo. Kuseri kwa mpanda wanga kuli a malume ena amene ana awo a ku Joni anawaikira sola yamphamvu. Ikamakwana 11 koloko mabatire awo amakhala atadzaza kale, ndipo dzuwa lonse la masana limangopita pachabe. Iwo magetsi awachulukira, ine ndasowa, pakati pathu pali mpanda basi. Mtima umandiwawa.

Vuto si dzuwa ayi, ndi malamulo amene anaumbidwa poganiza kuti magetsi amachokera ku Kariba ndi ku Hwange kokha, ife n'kumangolandira. Koma Kariba tinaiona. Mu Novembala 2022 a Zambezi River Authority, bungwe loyang'anira damu la Kariba, analamula kuti mbali ya Zimbabwe ileke kupanga magetsi chifukwa madzi anatsika kwambiri. Malo otha kupanga mamegawati 1,050 anagwada chifukwa cha kuchepa kwa madzi. Ku Hwange anawonjezera makina awiri opanga mamegawati 600 onse pamodzi mu 2023, tinapumako pang'ono, koma makina akale aja ndi okalamba ndipo amafa kawirikawiri.

Ena mundiuza kuti lamulo lilipo kale. Inde, mu 2018 boma linatulutsa malamulo a net metering, oti amene ali ndi sola azitumiza magetsi otsala ku mawaya a ZETDC, kampani ya boma yogawa magetsi. Ndi chiyambi chabwino, sindikana. Koma taonani mmene chimayendera. Umafunika kulembetsa, kukhala ndi inveta yovomerezeka (makina osintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba ndi m'mawaya), ndiponso mita yapadera yowerenga magetsi olowa ndi otuluka. Ukatha zonsezo, chimene umabwezeredwa ndi mayunitsi, osati ndalama. Nanga munthu amene nyumba yake imadya pang'ono, mayunitsi ochulukawo awatani? Sangagulire ufa. Ndiye palibe chomukoka kuti awonjezere mapanelo.

Chinanso chimene ambiri sadziwa: magetsi a m'mawaya akazima, inveta imaleka kutumiza kunja, kuti anthu okonza mawaya asagwidwe ndi magetsi. Zimenezo n'zoyenera ndithu. Koma zikutanthauza kuti m'madera athu ano, kumene magetsi amazima masana enieni, nthawi imene dzuwa lili pamutu ndi yomweyo imene sungatumize kalikonse. Lamulo likuthandiza amene magetsi awo sazimazima kale.

Ndipo ife ochita lendi, amene tili ambiri, denga si lathu, mita si yathu.

Akuluakulu ofuna kumanga minda ya sola nawonso akulira. ZERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, yapereka ziphaso zambiri, koma ochepa okha ndi amene anamanga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: ngongole umatenga ya madola a ku America, mapanelo umagula kunja, koma malipiro akabwera m'ndalama ya kuno imene imasintha dzina ndi mphamvu, ubweza bwanji? Taona bond, taona RTGS, mu 2024 kwabwera ZiG. Ndani angaike chuma chake pa mgwirizano wa zaka 20 zinthu zili chonchi? Ndondomeko ya boma inalonjeza mamegawati 1,100 a magetsi ochokera ku zinthu monga dzuwa ndi mphepo pofika 2025, koma lonjezo lokha siliyatsa babu.

Chimene ine ndikupempha si chachikulu. Wotumiza magetsi otsala azilipidwa ndalama zogwirika. Pakhale njira yomveka, yotetezeka, yoti nyumba khumi kapena makumi awiri za mumsewu umodzi zisonkhe, zigule mapanelo ndi batire limodzi, zizigawana ndi mita, ngakhale mawaya aakulu atazima. Timatha kale kusonkha m'magulu athu a maliro, ndipo ndalama sizisowa. Lithiamu wopangira mabatire akukumbidwa pompano ku Goromonzi ndi ku Bikita.

Khansala kapena phungu wanu akabwera kudzapempha mavoti, mufunseni za lamulo limeneli. Ine Lolemba ndili ndi mayunifolomu 30 oti ndipereke, ndipo ndiwasoka pakati pa usiku magetsi akabwera.