Mtengo wa azitona sufuna mlimi wobwera pokolola pokha

Nkhani ya alimi a ku Palestine amene Israel imawaletsa kufika momasuka kuminda yawo ya azitona ikabuka, ena amati, "Komatu amapatsidwa chilolezo chokakolola." Ine ndimaona kuti wonena choncho saudziwa mtengo wa azitona.

Ku West Bank, dera la Apalestina lomwe lili m'manja mwa Israel, kukolola kumachitika mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ambiri amadikira mvula yoyamba kuti itsuke fumbi pa zipatso. Banja lonse limakhamukira kumunda, achibale ndi anansi n'kumathandizana ngati pa dima. Amayala malona pansi pa mtengo, kuimika makwerero, n'kumapulula ndi manja kapena ndi tizipeso ta pulasitiki. Kukwapula nthambi ndi ndodo n'kwachangu, koma kumathyola mphukira za chaka chino, pomwe izozo ndiye zidzabale chaka chamawa. Nanga munthu amene wapatsidwa masiku owerengeka pa munda wofuna masabata adzatani? Adzakwapula basi, akudziwa bwino lomwe kuti akuwononga zokolola zikubwerazo.

Azitona akathyoledwa ayenera kufika koyengera mafuta pasanathe maola 24, akachedwetsa 48. Akakhalitsa m'matumba a pulasitiki amatenthana, kuyamba kusasa, mafuta ake n'kumanunkha chuku. Mafuta apamwamba asidi wake sapitirira 0.8 peresenti, ndipo poyenga kutentha sikuyenera kuposa madigiri 27. Pa mtundu wa azitona wotchedwa Nabali Baladi, makilogalamu 4 kapena 5 amatulutsa pafupifupi lita imodzi. Galimoto ikangoimitsidwa pa rodibuloko tsiku lonse, matumba ali padzuwa, mtengo wa chitini cha mafuta watsika kale.

Ntchito yeniyeni ili m'miyezi imene atolankhani sapitako. Akamaliza kukolola pamafunika kudulira kuti dzuwa ndi mphepo zilowe pakati pa nthambi, kupanda kutero chinyezi chimabweretsa matenda a mawanga omwe amayoyola masamba. Pamafunika kugalauza nthaka kuti madzi a mvula alowe pansi, pakuti mitengo yambiri sithiriridwa. Udzu ukasiyidwa umauma m'chilimwe, moto n'kudutsa mosavuta. Makoma a miyala ogwira dothi m'mapiri, onga a m'mudzi wa Battir omwe UNESCO inawazindikira mu 2014, amagumuka ndi mvula ndipo amafuna munthu wowapachikanso mwala ndi mwala.

Chiyambire 2002 pomwe Israel inayamba kumanga mpanda wake ku West Bank, minda yambiri inatsalira kuseri, ndipo mageti ambiri amatsegulidwa nyengo yokolola yokha. Mu 2023, malinga ndi OCHA, nthambi ya bungwe la United Nations, malo a azitona oposa mahekitala 9,600 sanakololedwe n'komwe. Chondipweteka kwambiri ndi ichi: pali lamulo la 1858, la nthawi ya ulamuliro wa Ottoman (ufumu wakale wa ku Turkey), limene Israel yakhala ikuligwiritsa ntchito kulengeza kuti malo amene atha zaka osalimidwa ndi a boma. Munthu umamutsekera geti, kenaka n'kunena kuti munda wake waugoneka.

Mabanja pakati pa 80,000 ndi 100,000 amadalira mbewuyi. Mafuta atsopano, obiriwira, oyabwa pakhosi, amasunsiramo buledi pamodzi ndi zokometsera za masamba ouma zotchedwa zaatar m'mawa. Amaphikira musakhan, nkhuku yokhala ndi anyezi wambiri ndi chokometsera chowawasa chotchedwa sumac pamwamba pa buledi wophwatalala wa taboon. Mumzinda wa Nablus amapangira sopo. Ngakhale zotsalira poyenga amaziumitsa n'kumasonkhera moto nyengo yozizira. Mitengo ina inadzalidwa zaka mazana apitawo, mwana amaloza kuti uwu ankadulira ndi agogo. Ukazulidwa, mbande yolowa m'malo mwake imatenga zaka zingapo isanabale, ndi zina zambiri isanadzaze chitini.

Choncho amene mukuti mukuwaimira alimiwa, musamangofunsa za Okutobala. Funsani ngati geti limatseguka mu Januwale podulira, ndi mu Malichi pogalauza.