Chenjezo kwa Anyamata Oika Windows ndi Linux pa Makompyuta a Anthu

Ana anga, inu amene mumakonza makompyuta m'misika ndi m'masukulu, ndimvereni, chifukwa chizolowezi chanu choika Windows kapena Linux musanaone mmene disiki ya munthu inakonzedwera chafika poipa.

Disiki iliyonse ili ndi dongosolo lake losungira mafayilo. Windows imakhala pa NTFS, Linux kawirikawiri imakhala pa ext4, pomwe makompyuta a Apple amagwiritsa ntchito APFS kuyambira mu 2017. Mukalumikiza disiki ya ext4 ku Windows, Windows siiwerenga, ndipo nthawi zambiri imangofunsa ngati mukufuna kuifomata. Apa ndi pamene mumalakwitsa kwambiri, chifukwa mumaganiza kuti disikiyo yawonongeka kapena mulibe kanthu, mumadina batani lovomera mosafunsa mwiniwake, ndipo zithunzi za ukwati, mabuku a ndalama za bizinesi ndi ntchito yakusukulu ya mwana zimafufutika m'kanthawi kochepa. Disikiyo inalibe vuto ngakhale pang'ono, koma inu munalibe nthawi yoiona bwino. Kenako mumamuuza mwiniwakeyo kuti inali ndi vairasi, zomwe ndi bodza lochititsa manyazi.

Amene mumaika Linux pambali pa Windows, dziwani kuti kuyambira pa Windows 8 pali Fast Startup, imene imachititsa kuti kompyuta isazime kwathunthu. Gawo la disiki la NTFS, pamene pali Windows, limatsala ngati nyumba imene mwini wake wangotuluka pang'ono osatseka chitseko, n'chifukwa chake Linux imakana kulembamo. Musaikakamize, bwererani mu Windows mukazimitse Fast Startup. Ngati disikiyo yakhomedwa ndi BitLocker, pulogalamu ya Windows yotsekera mafayilo kuti ena asawawerenge, pezani kaye kiyi yake musanakhudze gawo lililonse.

Kagawo kakang'ono ka FAT32 (dongosolo lina losungira mafayilo) kamene makompyuta a UEFI (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa kompyuta) amayambirapo si zinyalala ayi. Mukakafufuta, kompyuta siidzalowanso mu Windows ngakhale mu Linux. Ndipo pa flashi ya FAT32 simungaikepo fayilo imodzi yoposa 4 GB, choncho musanene kuti flashi ya kasitomala ndi yabodza.

Musanayambe ntchito, khalani pansi ndi mwiniwake, tsegulani pulogalamu yoonera magawo a disiki, Disk Management kapena GParted, muone magawo onse pamodzi, ndipo mukopere mafayilo ake pa disiki ina iye akuona ndi maso ake.