Choko cha ku Tete chimalipira pa tsiku lake, cha kwathu chimadikira fizi

Eni sukulu zapulayiveti a ku Malawi, lero mundimvere, chifukwa amene mwandiyankhulitsa ndi inu. Mnzanga amene tinaphunzira naye uphunzitsi, yemwe akuphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina yapulayiveti ku Blantyre, wandiimbira pa WhatsApp sabata ino kuti ndimubwereke ya lendi. Mwezi uno wafika kale pakati, koma malipiro a mwezi watha sanawaone. Atapita ku ofesi kukafunsa, a dayirekita anangoti, "Aphunzitsi, tapirirani pang'ono, makolo sanamalize fizi." Makolo omwe sanamalize fiziwo ndi omwenso agulira a dayirekita galimoto yatsopano, ndipo kuseri kwa sukulu kukumangidwa buloko ina ya makalasi. Simenti ikupezeka, malata akupezeka, koma ya mphunzitsi ndiye imadikira makolo.

Ine ndili ku Tete, ku Mozambique, dziko lomwe tinkaliseka tili ana kuti n'kwa nkhondo ndi mabomba okwirira, ndipo ndimaphunzitsa Chingerezi chomwecho pa sukulu ina ya zilankhulo ya munthu wamba. Chiyambireni, mwezi umene ndagwira ntchito sunathepo ndalama isanalowe. Nkhani yanga yagona pamenepo basi, zinazi n'zongoperekeza.

Amene simunaone sukulu zamtunduwu, musaganize za mabwalo a mpira ndi belu. Ndi zipinda zochepa pamwamba pa sitolo, bolodi yoyera, mipando ya pulasitiki ndi makina oziziritsa mpweya amene amalira ngati chigayo. Ophunzira ndi anthu akuluakulu: ogwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, madalaivala a mathiraki odutsa pa Zobue ndi pa Cuchamano, atsikana ofuna ntchito m'mahotela, anamwino amene akusaka ntchito m'mabungwe. Mozambique yazunguliridwa ndi maiko a Chingerezi okhaokha, Tanzania, Malawi, Zambia, Zimbabwe, South Africa ndi Eswatini, ndipo inalowa mu Commonwealth mu 1995 ngakhale sinalamulidwepo ndi Angerezi. Mgodi wa ku Moatize unali m'manja mwa kampani ya Vale ya ku Brazil, yomwe inkayankhula Chipwitikizi ngati eni dziko, koma mu 2022 unagulidwa ndi Vulcan ya Amwenye. Munthu amene akufuna kukwezedwa kumeneko akudziwa yekha chilankhulo chimene akufunika kuchithyola.

Ophunzitsa ndife a ku Malawi, anzathu a ku Zimbabwe omwe ndi ochuluka kutiposa, ndi eni dziko ena amene anakulira kwathu nthawi ya nkhondo. Kumbukirani kuti mtendere usanasainidwe ku Rome mu 1992, Malawi inasunga anthu othawa kwawo a ku Mozambique okwana pafupifupi 1 miliyoni, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza ndi kwina. Ana a nthawi imeneyo anaphunzira Chingerezi m'makalasi athu, ndipo ena mwa iwo lero ndi amene ali ndi sukuluzi. Bwana wanga akakwiya amakalipa m'Chipwitikizi, akakondwa amandifunsa m'Chichewa cha ku Dedza ngati chipisi cha pachiwaya chikadali chokoma.

Musandimve molakwika, sikuti mabwana a kuno anabadwa ndi mtima wa angelo. Bizinesi yake ndi imene imawakakamiza. Wophunzira amalipira asanakhale pampando, ndipo ndi ndalama ya thukuta lake, osati ya bambo ake. Akaona kuti mphunzitsi wake wachoka chifukwa chosalipidwa, naye amanyamula kope lake n'kumutsatira ku sukulu ya kutsidya kwa msewu, kapena kumuitanira kunyumba kwake. Kalasi yonse imatha kusamuka ndi mphunzitsi mmodzi. Ndiye bwana amadziwa kuti akasewera ndi malipiro anga, wasewera ndi makasitomala ake.

Kwathu zili chosemphana. Mwana wa Fomu 3 alibe mawu pa nkhani ya amene akumuphunzitsa, ndipo makolo amangoona zotsatira za MSCE pakutha pa chaka. Kunja kwa geti kuli mzere wa achinyamata ochokera ku Domasi, ku Nalikule ndi ku Chanco, mapepala ali m'manja, boma silinawalembe. A dayirekita amawadziwa mzere umenewu kuposa mmene amadziwira silabasi. Ukangoti utsegule pakamwa, yankho ndi lodziwika: "Ngati simukufuna, Sala, khomo ndi ilo, ena akudikira." Mphunzitsi wa Chingerezi yemweyo ndiye wa Literature, wa Life Skills, woyang'anira masewero, wogona ku hositelo kulondera anyamata, ndipo Loweruka akabwere ku makalasi owonjezera omwe makolo alipira koma iye sakalawako. Akapita kwa katapila kuti afike kumapeto kwa mwezi, malipiro akamabwera amakhala kuti ndi a eni kale.

Ndiye pali nkhani ya ndalama yeniyeniyo. Metical yakhala ikuzungulira pa 64 pa dola imodzi kwa zaka zingapo tsopano. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzagwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndi eni sukulu angati amene anaitana aphunzitsi awo m'mawa mwake kuti akambirane za malipiro? Fizi ndiye inakwera teremu yomweyo, kalata yopita kwa makolo inalembedwa msangamsanga, m'Chingerezi chabwino kwambiri, ndipo anailemba ndi mphunzitsi yemweyo amene sanawonjezeredwe kanthu.

Pa penshoni ndivomereze, lamulo la kwathu ndi lokoma kuposa la kuno. Ku Malawi bwana amayenera kuika 10 peresenti, wantchito 5. Ku Mozambique za INSS, bungwe la boma losunga penshoni, zonse pamodzi ndi 7 peresenti, bwana 4, wantchito 3. Koma ine 7 yangayo ndimaiona pa pepala la malipiro mwezi ndi mwezi. Funsani aphunzitsi a m'sukulu zapulayiveti kwathu kuti ndi angati amene anaonapo pepala la malipiro, kapena amene akudziwa dzina la kampani imene ikusunga penshoni yawo. Ena amadulidwa 5 ija mokhulupirika, koma ndalamayo siifika kumene imayenera kupita. Lamulo lokoma lokhala m'kabati silinadyetsepo munthu.

Kalasi yanga ya madzulo imayamba 6 koloko. Muli bambo wina woyendetsa chimakina chokumba ku mgodi, amalowa atavala ovolosi ndi majombo, fumbi la malasha lili m'makutu, n'kukhala kutsogolo penipeni. Homuweki amachita yonse, ndipo ndikachedwa kumuchongera amandikumbutsa mwaulemu kuti walipira. Tsiku lomwe anakwanitsa kufotokoza vuto la makina ake kwa bwana wake wa ku India popanda womasulira, anabwera ndi nsomba ya pende ya ku Cahora Bassa itakulungidwa m'nyuzipepala, n'kuiika patebulo panga osanena zambiri. Anthu m'kalasimo ndi oti ndimawadziwa onse mayina ndi ntchito zawo. Yerekezani ndi mulu wa makope a ma kompozishoni amene mnzanga wa ku Blantyre amanyamula pa minibasi kukachongera kunyumba, magetsi atazima.

Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a kuno ndi mapepala. Apa ndiye Mozambique ndilibe nayo mawu okoma. Mmalawi amalowa popanda viza n'kupatsidwa masiku 30, koma chidindo chimenecho n'cha mlendo, si cha ntchito. Kuti ugwire ntchito mwalamulo, sukulu iyenera kukulembetsa ku unduna wa zantchito, ndipo lamulo limaika malire a alendo amene kampani ingalembe: 5 peresenti ya antchito m'makampani akuluakulu, 8 m'apakati, 10 m'ang'onoang'ono, 15 m'aang'ono kwambiri. Kasukulu ka antchito ochepa malire amenewa kamawadzaza ndi munthu mmodzi kapena awiri. Pambuyo pake pamafunika DIRE, chitupa chokhalira m'dziko, chomwe mtengo wake umaliza munthu wamkulu. Eni sukulu ambiri amangoti, "Yambani kaye, Teacher, mapepala tikonza." Mapepalawo akukonzedwa mpaka chaka kutha, iwe uli pa chapa, minibasi ya kuno, mwezi uliwonse kupita ku Zobue kukatuluka ndi kulowanso kuti chidindo chikhale chatsopano. Anga anatuluka, koma ndinadikira mpaka tsitsi kuyamba kuyera, ndipo ndikudziwa anzanga amene mpaka lero akukhalira chidindo cha mlendo.

Munthu wopanda mapepala ndi wogwidwa pakhosi. Akakudula maola sungapite kukadandaula kwa oyendera za ntchito, chifukwa woyamba kufunsidwa ukhala iweyo. Wapolisi akakuimitsa pafupi ndi mlatho wa Samora Machel n'kuti "documentos", Chichewa chako chimene dzulo chimagwira ntchito bwinobwino pamsika wa Kwachena chimasanduka umboni wakuti ndiwe mlendo, ndipo nkhani imathera pa refresco, kachiphuphu ka "ya fanta". Kwathu wapolisi akhoza kukuvutitsa, inde, koma sangakuuze kuti ubwerere kwanu. Mnzanga wa ku Blantyre, ndi njala yakeyo, akhoza kupita ku ofesi ya zantchito kapena ku khoti la Industrial Relations n'kukamenya tebulo. Kaya mlanduwo udzatha liti, koma tebulo lomenya lilipo.

Maola akenso ndi opweteka. Popeza ophunzira ndi apantchito, makalasi amakhala m'mamawa kwambiri ndi usiku, pakati ponse uli ndii, kudikira. Ndipo masana a ku Tete si masana ocheza. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa okha ndi amene angamvetse, enanu a ku Dedza ndi ku Mzuzu musayerekeze. Ambiri timalipidwa pa ola, kutanthauza kuti ola limene sunaphunzitse silako. Disembala ndi Januwale ophunzira amabalalika, thumba nalo limaphwa. Zisankho za pa 9 Okutobala 2024 zitatha, dziko linalowa m'zionetsero kwa miyezi, intaneti ya pafoni nthawi zina imadulidwa, anthu amaopa kuyenda usiku, makalasi ambiri anaima. Palibe amene anatibera, koma panalibenso cholandira. Mphunzitsi wa pamwezi wa kwathu, ngakhale zichedwe, ngongole yake imakhala ikuwerengeka.

Za khungu ndiye sindingawanene a kuno okha, matenda ndi amodzi mbali zonse ziwiri za malire. Akangotulukira mzungu woyenda ndi chikwama kumsana, wopanda ngakhale satifiketi ya uphunzitsi, chithunzi chake chimaikidwa pa Facebook ya sukulu tsiku lomwelo, ndipo ola lake limaposa langa. Koma amene munagwirapo m'sukulu zina za ana a mabwana ku Lilongwe ndi ku Blantyre mukudziwa mmene zimakhalira: wochokera kunja nyumba, tikiti ya ndege ndi madola, Mmalawi wophunzitsa kalasi yoyandikana nayo makwacha ndi chithokozo. Chimene chimandipweteka kuno n'chakuti ngakhale pakati pa ife akuda pali masitepe. Wa ku Zimbabwe amayesedwa kuti Chingerezi chake n'chapamwamba asanayankhule n'komwe. Ndimawapatsa ulemu, maphunziro awo ndi olimba, koma nafenso sitinachite kutola Chingerezi pamsewu.

Kwina konseku sindingatayepo nthawi yambiri. Ku Zambia sakutifuna, Chingerezi ali nacho chawo ndipo aphunzitsi awo omwe akusaka ntchito. Ku Tanzania sukulu za Chingerezi zilipo zambiri, koma maso awo amakhala pa a ku Kenya ndi a ku Uganda. Ku Joni, usanagwire choko akufuna mapepala ako adutse ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, ndipo ulembetse ku SACE, khonsolo ya aphunzitsi, n'chifukwa chake aphunzitsi athu ambiri kumeneko anathera m'magadeni ndi m'makhitchini. Za ku South Korea zimene achinyamata amalota pa TikTok, viza yawo ya ophunzitsa Chingerezi imayang'ana pasipoti ya maiko owerengeka, monga Britain, America ndi South Africa, ndipo Malawi mulibemo. Choncho kwa Mmalawi wa dipuloma yake, msika weniweni wa Chingerezi uli pafupi pompa, kungodutsa Mwanza kapena Dedza.

Amene mukuganiza zowoloka, musakopeke ndi mtengo wa ola wokha. Lendi ya ku Tete inakwera ndi malasha ndipo sinatsike bwino, magetsi olipiriratu a Credelec amatha msanga chifukwa popanda fani sugona. Musanakwere basi, mwini sukulu akuuzeni polemba maola ochepetsetsa amene adzakulipirani pamwezi ngakhale ophunzira achepe, komanso amene adzalipire chilolezo cha ntchito ndi DIRE. Ena amalipira okha kenako n'kumakudula pang'onopang'ono osakuuza, ena amakusainitsa kuti ukachoka chaka chisanathe udzabweze zonse. Pasipoti yanu isagone m'dirowa ya bwana ngakhale usiku umodzi, kaya anene kuti akupita nayo ku Migração, ofesi ya zolowa ndi kutuluka m'dziko, pitani nayo limodzi. Ndipo phunzirani Chipwitikizi mwachangu. Chichewa ndi Chinyungwe zidzakuthandizani pamsika ndi pa chapa, ku Angónia ndiye muli kwanu kwenikweni, koma kontrakiti imene mudzasaine idzakhala m'Chipwitikizi, ndipo ndime yonena za kuchotsedwa ntchito imakhala kutsamba lomaliza.