Ma Klopse asawachotse mumsewu

Abale anga a kuno ku Cape Town, Januwale akangoyamba madandaulo ake amakhala omwewo: misewu atseka, mataxi akuzungulira kutali, phokoso mpaka usiku. Ena mpaka amati bwanji ma Klopse amenewa, magulu oimba ndi kuvina m'misewu pachikondwerero cha chaka chatsopano, osangowatsekera musitediyamu, wofuna kuonera alipire pageti. Ine zimenezo ndakana.

Chikondwererochi, chimene eni ake amachitcha Tweede Nuwe Jaar, kutanthauza Chaka Chatsopano Chachiwiri, anachiyamba ndi akapolo. Anthu ankagwidwa ku Indonesia, India, Madagascar ngakhalenso ku Mozambique n'kudzagulitsidwa kuno. Mabwana akatha kudyerera chaka chatsopano pa 1 Januwale, akapolo ankawapatsa tsiku la pa 2 kuti apumeko, ndiye iwo ankayendera abale uku akuimba ndi kuvina m'misewu. Ukapolo anauthetsa mu 1834, anthu n'kumasulidwadi mu 1838, koma tsikulo sanalitaye.

Tsono taonani njira imene magulewa ankadutsa kwa zaka zambiri kuyambira kale. Ankanyamukira ku District Six, n'kulowa Darling Street kudutsa pa City Hall, kukhotera Adderley, kukwera Wale Street mpaka ku Bo-Kaap. District Six yomweyo ndi imene boma la tsankho linalengeza mu 1966 kuti ndi dera la azungu okhaokha. Nyumba anagumula, anthu oposa 60,000 n'kukawataya ku Cape Flats, kumchenga. Kwa zaka zambiri zidzukulu zawo zakhala zikukwera mabasi kuchokera ku Hanover Park, Manenberg ndi Mitchells Plain kudzaponda pamene agogo awo anathamangitsidwa. Munthu wotere ungamuuze kuti akavinire kuseri kwa mpanda chifukwa iwe wachedwa kuntchito?

Amene simunapiteko, mukudzimana. Mabanja amagona m'mbali mwa msewu dzulo lake kuti agwire malo, ndi matenti, mipando ndi mapoto a chakudya. Gulu likamatulukira umayamba wamva ng'oma ya ghoema m'chifuwa usanaone munthu. Kenako mbuu! Anthu mazanamazana, masuti a saten onyezimira, zipewa, tiambulera akutizunguza m'mwamba, nkhope zopakidwa utoto. Kutsogolo kumakhala tiana, ena oti sanayambe n'komwe sukulu, thukuta kamukamu ndi dzuwa la Januwale lija koma sitepe osaphonya. Wokulira ku Mangochi akaona zimenezi amakumbuka beni, kungoti kuno malipenga ake ndi amkuwa enieni. Masuti amenewo matelala amasoka kwa miyezi, ndipo pali mabanja amene amadzimana kuti mwana avale yake.

Zolakwika zilipo ndithu. Kusunga nthawi kulibe, umatha kupsa ndi dzuwa maola angapo gulu lina lisanafike. Zidakwa sizilephera, ndipo foni uziigwira ndi manja awiri. Komatu zimenezi n'zofunika apolisi ndi okonza mwambo, si chifukwa chothamangitsiranso anthu m'tauni kachiwiri. Mipikisano ya zikho imachitikira kale ku Athlone Stadium masabata otsatira, ndipo kumeneko kulipira n'koyenera. Za mumsewuzi zisiyeni zaulere, kuti mayi wogwira ntchito m'nyumba za ku Sea Point, kaya ndi wa ku Manenberg kaya wa ku Mulanje, aziimirira pamalo amodzi ndi mlendo wochokera ku Germany.

Ofuna kupita chaka chamawa muzifunsiratu tsiku, chifukwa si nthawi zonse limakhala pa 2 penipeni, amatha kulisuntha. Chipewa ndi madzi musaiwale.