Mwana ali moyo, lekani kumuika m'manda ndi pakamwa

Dzulo ndinapsa mtima ndipo mpaka pano sunatsike. Kunyumba kwa achemwali anga kunabwera amayi ena a kumpingo kudzaona mwana. Mmodzi anavundukula shawelo, kuyang'ana timanja, kenaka n'kunena mokweza, mayi wake ali pomwepo: "Ameneyu musamuzolowere, ndi mlendo. Mlendo ndi mame." Anawonjezeranso kuti dzina tinafulumira kumupatsa.

Mayi inu, mwanayu ali ndi miyezi inayi. Akupuma. Amatembenuza maso akamva mawu a mayi ake. Inu mwamuika kale m'manda ndi pakamwa panu?

Mwana wathu anabadwa ndi matenda otchedwa Edwards syndrome, ena amati trisomy 18. Munthu amakhala ndi ma chromosome (tizinthu ta m'thupi tonyamula chibadwa) 46, iye ali ndi 47 chifukwa pa nambala 18 pali atatu m'malo mwa awiri. Zimangochitika pomwe mimba ikuyamba, basi. Si mdulo, si tsempho, palibe anamulodza. Dokotala wa ku Britain, John Edwards, anawafotokoza matendawa mu 1960, ndipo amagwera mabanja a mitundu yonse. Timanja take n'tofumbata, zala zinakwerana, kachibwano n'kakang'ono, mu mtima muli kabowo. Kuyamwa amalephera, mkaka achemwali amachita kufinya n'kumupatsa kudzera m'kachubu ka m'mphuno, usana ndi usiku.

Musaganize kuti sitikudziwa. Tikudziwa bwino lomwe kuti ana ambiri otere amamwalira asanabadwe, ndipo mwa obadwa amoyo, okwanitsa chaka chimodzi ndi pafupifupi mmodzi yekha pa khumi aliwonse. Achemwali anga anamva zimenezi ndi makutu awo, analira mpaka misozi kuuma. Sakufunika wina wodzawakumbutsa atanyamula kapu ya tiyi m'manja. Amene amadzuka 2 koloko usiku kumvetsera ngati mwana akupuma ndi iwowo, si inu.

Ndipo mwambi wanuwo mwaupotoza. Makolo ponena kuti mlendo ndi mame sachedwa kukamuka ankatanthauza kuti umusamale, umuphikire, umuyalire mphasa yabwino chifukwa sakhalitsa. Sanatanthauze kuti umutsekere chitseko. Ngati ndi mlendo, ndiye tizimunyamula kwambiri. Ngati masiku ake ndi ochepa, ndiye tsiku lililonse likhale lake. Ndani mwa ife amene si mlendo pano? Inuyo munalonjezedwa zaka zingati?

Mwanayu ndi munthu lero. Osati akadzayenda, osati akadzalankhula, lero lino. Ali ndi dzina ndipo tizimutchula dzina lake. Tinamugulira kadiresi, tinamujambula zithunzi, mkulu wake wa zaka zisanu amamuyimbira nyimbo za ku Sande sukulu m'mawa uliwonse. Mukufuna timuuze chiyani kamnyamatako, kuti asiye kukonda mlongo wake chifukwa mwina sakhalitsa? Ine zimenezo ayi.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti maganizo amenewa ali ponseponse. Khanda likamwalira timati ndi mtayo, amayi okha akataye mwakachetechete, mayi wake asalire. Tinazolowera kuona khanda lofooka ngati si munthu weniweni, ndiye tayamba kuwachita mtayo ana adakali moyo. Anthu amene anabwera ndi sopo ndi zitenje pa mwana woyamba, pa uyu sanaponde. Ena akabwera safuna n'komwe kumunyamula, manja kumbuyo ngati awapatsira kanthu. Sapatsirana matendawa! Munyamuleni, ndi wopepuka, ndi wofunda ngati mwana wina aliyense.

Mukapita kukaona banja lotere, funsani dzina la mwana. Funsani ngati mayi wadya. Chapani matewera, tungani madzi, mugwirireni mwana kwa ola limodzi kuti mayi agoneko. Ngati mulibe mawu abwino, khalani chete, kukhala pamphasa pokha n'kokwanira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Komanso inu akuchimuna, ndikukuonani. Kuyambira tsiku lomwe mwana anatuluka kuchipatala mwakhala mukunong'ona kuti ku mtundu kwanu kulibe zoterezi, kuti achemwali anga afotokoze bwino zomwe anachita ali oyembekezera. Afotokoze chiyani? Sikelo sanadumphe ngakhale kamodzi, mankhwala a magazi anamwa onse. Alamu anga ndi amene akugona pampando kuti azisinthana ndi mkazi wawo usiku, inu muli kalikiliki kuwauza kuti akafunse kwa asing'anga. Ndalama ya asing'angayo bwanji osagulira mafuta a galimoto yopita naye kuchipatala Lachinayi?