Za Vaseline pamipando yachikopa ayi

Mwalemba bwino akulu, koma apo mwati tizipaka Vaseline kuti chikopa chifewe ndiye sindikugwirizana nanu. Mipando yachikopa ya magalimoto ambiri masiku ano imakhala yokutidwa ndi kautoto kopyapyala pamwamba, ndiye mafutawo salowa mkati. Amangotsalira pamwamba n'kumakola fumbi, kenako n'kuthera pa zovala za wokwera. Polishi wa nsapato ndiye musayerekeze n'komwe.

Zimene zimawononga kwambiri kuno ku Zomba ndi mchenga ndi dzuwa. Timchenga timabisala m'misoko, ndipo munthu akamakhala ndi kudzuka timapala chikopa ngati sandipepa. Yambani mwachotsa timeneto ndi burashi yofewa. Mukatero nyikani kansalu m'madzi ofunda okhala ndi sopo pang'ono, finyani mpaka kasiye kudontha, pukutani, n'kuumitsa ndi kansalu kena. Jik, sipiriti ndi sopo waufa wochapira zovala zimasupula utoto uja. Komanso anyamata ena otsuka magalimoto amakonda kukhuthulira madzi, pomwe mipando ya timabowo ija imamwetsa madziwo siponji yamkati. Fungo lake osanena.

Mu Okutobala muziimika galimoto pamthunzi kapena kutchinga galasi lakutsogolo, apo ayi chikopa chiuma n'kuyamba kung'aluka. Inu okhala m'munsi mwa phiri, cha ku Mulunguzi uko, mdani wanu wina ndi chinyezi. Galimoto ikakhala yotseka nthawi yaitali m'dzinja mipando imachita nkhungu, choncho dzuwa likawala muzitsegulako zitseko ipitidwe mphepo.